Teni Koloko ya Bambo Kang

Ku Nathenje mukafunsa za Efulemu Chikoreya, ngakhale wa kabaza akulozerani. Sukulu analekezera fomu thu, koma anakhala zaka zambiri akuphikira amishonale a ku Korea m'tauni, ndipo chilankhulo chinamulowa limodzi ndi fungo la adyo. Amishonale atapita kwawo, iye anabwerera ku fodya wake, Chikoreyacho n'kumangokalipira nacho mbuzi.

Ndiye kunabwera Bambo Kang a ku Korea, wogula soya ndi mtedza, munthu woyenda ngati wasiya nyemba pamoto. Chingerezi chawo chinali cha moni basi. Anamulemba Efulemu ntchito imodzi: iwo akanena m'Chikoreya tsiku ndi nthawi ya msonkhano, iye azitumiza uthenga m'Chingerezi kwa alembi a makalabu a alimi. Musandifunse chifukwa chake Achewa awiri azivutitsana ndi Chingerezi. Alembiwo amati bizinesi ya m'Chichewa silemera.

Msonkhano woyamba, wa ku Malingunde, alimi anafika dzuwa litapendeka. Bambo Kang anatulutsa foni n'kumugwedezera Efulemu pamphuno.

"Iyi imamasuliranso," anatero m'Chikoreya. "Sidya, sipempha tchuthi. Zikachitikanso, ntchito ndi yake."

Efulemu anabwerera kunyumba akutukwana foni, alimi, ndi amene anapanga wotchi. Kufodya anali atasiyako kale, munda ataubwereketsa kwa mlamu wake.

Itafika nthawi ya kalabu ya ku Mitundu, bwana anati Lachinayi, teni koloko. Efulemu anaganiza: anthu anga ndimawadziwa. Atachoka bwana, anajambula uthenga wopita kwa mlembi wa kalabuyo, Mayi Everlyn, m'Chingerezi chake chodzoza mafuta, n'kunena kuti eyiti koloko.

Chimene anaiwala n'chakuti Mayi Everlyn nawo anthu awo amawadziwa. Iwo anauza tcheyamani, a Jeremiya, kuti sikisi koloko. A Jeremiya, amene anakalambira kudikira anthu pansi pa mtengo, analengeza kuti aliyense afike tambala akangolira, wochedwa soya wake sagulidwa.

Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, alimi anamvera.

Lachinayilo galimoto inafika pa shedi ya kalabu teni koloko yeniyeni. Panalibe munthu, koma makoko a nzimbe mbwee, ndi a Jeremiya atakhala pa njerwa, maso ali psuu.

"Inu a Chikoreya, mwationa ngati ana anu?" anayamba a Jeremiya asanapereke n'komwe moni. "Tafika kuno mame asanakamuke! Amayi asiya ana osasamba. Anthu atopa, abalalika."

"Mame? Achimwene, ine ndinati eyiti!"

"Eyiti yake iti? Mayi Everlyn anati sikisi."

Mayi Everlyn anatulukira kuseri kwa shedi akukonza duku. "Ndinangochotsako pang'ono. Ndimadziwa bwanji kuti nanunso mwadula kale?"

"Ndiye inu a tcheyamani tambala munamutenga kuti?" anafunsa Efulemu.

"Ndi ine ndekha wosaloledwa kudula?"

Bambo Kang anakoka Efulemu malaya. Akuti chiyani? Apa Efulemu anagwira njakata. Akanama, foni ili m'thumba la bwana. Akanena zoona, wadzipereka yekha. Anafotokoza zonse, kuyambira eyiti mpaka tambala.

Bwana anayamba kukalipa, n'kulamula kuti mawu aliwonse amasuliridwe kuti onse amve. Motero Efulemu anaima pa dzuwa akudzikalipira yekha m'Chingerezi: kuti womasulira ndi mpope, sathira mchere m'madzi, kuti mutu wake ndi dzungu. Mayi Everlyn, mosapemphedwa, ankatembenuzira a Jeremiya m'Chichewa, dzungulo n'kulibwereza kawiri.

Madzulo onse Efulemu anayenda pa kabaza khomo ndi khomo, kupepesa ndi kupempha tsiku lina. Alimi anavomera, koma aliyense anayamba wamufunsa ngati tambala akhaleponso.

Ntchito sinathe, koma anamulanda manambala. Lero Bambo Kang amatembenuza okha mivi ya wotchi, kuijambula, n'kutumiza chithunzi kwa mlembi. Efulemu amangomasulira moni ndi malo.

Sabata yatha ndinamupeza pa depoti akulankhula yekha. Akuti Mayi Everlyn chithunzicho amachilandira bwinobwino, n'kuchotsako maola awiri.