Kadontho Pakati pa Manambala

Ababa anathawa nkhondo ku Mozambiki asanakwatire, ndipo sanabwererekonso. Anakhazikika ku Malindi n'kumalima chinangwa. Za kwawo ankanena chinthu chimodzi chokha: mudzi wawo unali m'munsi mwa phiri la mitu iwiri, mutu wina wautali wina waufupi, ndipo mayi awo anawaika m'manda pomwepo.

Ine ndinkagwira ntchito pa hotela ina ku Makokola, kunyamula zikwama za alendo otsika m'ndege. Ndege ndinkazikonda mpaka kupusa nazo. Payiloti wina anandisiyira laputopu yake yakale, momwe munali pulogalamu yophunzirira kuulutsa ndege. Umalembamo manambala a malo, iyo n'kukujambulira njira, iwe n'kumauluka ukuona mapiri ndi mitsinje pansi. Basi mutu unakula. Anzanga a kuntchito anayamba kunditchula kuti Kaputeni, ine n'kumavomera, osadziwa kuti akundiseka.

Ababa atayamba kudwala, miyendo itatupa moti ulendo sakanautha, ndinaganiza zowapititsa kwawo pa laputopu. Msuweni wanga wochita geni kutsidya kwa malire anakaima pamudzi paja n'kunditumizira manambala a malowo kuchokera pa foni yake. Anabwera ogawikana patatu, ali ndi tizizindikiro pamwamba: madigiri, maminitsi, masekondi. Pulogalamu yanga inkafuna madigiri okha, nambala ya kadontho pakati. Ine sindinafunse munthu. Ndinangofufuta tizizindikiro tija n'kuika kadontho. Pomwe panali madigiri 14 ndi maminitsi 45, ndinalemba 14.45.

Linali Lamlungu masana, tili pakhonde. Ndinaika laputopu pa mpando patsogolo pawo. Pa sikirini tinanyamuka pa bwalo la ndege la Makokola, kuoloka nyanja, kulowera kum'mawa. Ababa anagwiritsa mkeka ndi manja onse ngati ali m'bwato pa mwera.

"Tafika, Ababa. Kwanu ndi kuno."

Anayang'ana nthawi yaitali. Pansi panali chigwa ndi tchire basi.

"Iyayi mwanangu, si kuno. Nanga phiri lili kuti?"

"Mwina mwangoiwala. Zaka zonsezi."

"Munthu n'kuiwala pomwe anaika mayi ake?"

"Ababa, manambala sanama."

Ndinanena mokweza. Ndinali nditapsa mtima kuti ndavutika sabata yonse koma zikomo palibe. Ndinawalozera nambala pa sikirini ndi chala, ngati kuti iwo akanaiwerenga. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapazi awo otupa aja.

"Chabwino. Kapena mutuwu wakalamba."

Kuyambira tsiku limenelo phiri lija sanalitchulenso. Ine ndinkati ndapambana. Miyezi isanathe itatu tinawaika m'manda ku Malindi.

Payiloti uja atabweranso ndi alendo, ndinamuonetsa kope langa la maulendo pofuna kutamandidwa. Anayerekeza manambala a msuweni wanga ndi omwe ndinalemba ine, n'kuseka. Anati digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, osati 100, monga ola la pa wotchi. Maminitsi 45 umawagawa ndi 60, choncho ndinayenera kulemba 14.75. Masamu a ku pulayimale! Tsiku lija ndinawatsitsa Ababa makilomita oposa makumi atatu kuchokera kwawo.

Sindinadikire kuweruka. Ndinakakhala kuseri kwa khitchini, ndinawerengetsa bwino nambala zonse ziwiri, ya kum'mwera ndi ya kum'mawa, n'kuuluka ndekha. Nyanja, malire, tchire. Kenako phiri linatulukira kutsogolo, mitu iwiri, wina wautali wina waufupi.

Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira chala changa chija pa sikirini. Munthuyo anasiya nyumba, munda ndi abale, anangotulukako ndi phiri lokhalo m'mutu. Asilikali sanathe kumulanda. Ababa anamwalira akuganiza kuti phiri lawo anachita kulota, ndipo amene anawauza zimenezo ndi Kaputeni.