Anati Ndinawadyetsa Khuzumule

Amuna anga sankamwa mowa, sankasuta fodya, ndipo chikwatiraneni anali asanandikwezerepo dzanja. Akazi anzanga kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti, ankandichitira nsanje, amvekere iwe unakwatiwa ndi abusa. Ine ndinkangoseka nawo, poti chimene chinkadya nyumba yathu sichinkanunkha m'kamwa. Bambowo ankatchova juga.

Anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, woyang'anira gulu la anthu othyola masamba. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba yamalata ya zipinda ziwiri, mpopi uli pafupi. Ine ndinabadwira ku Goliati, pakamunda koti pachibale pathu tinkachita kukanganirana mizere, choncho nyumba imeneyo inali zonse kwa ine. Ana athu atatu anabadwira momwemo ndipo sukulu ankaphunzira ya pa esiteti pomwepo. Koma nyumba ya esiteti ndi yobwereka. Ntchito ikatha, makiyi amabwerera kuofesi.

Juga yake inali ya makhadi. Tsiku la malipiro amuna ankazemberana kulowa m'mabulugamu kuseri kwa fakitale, n'kuyala thumba pansi. Amuna anga ankalowamo masana ali ndi envulopu yonona, n'kutulukamo dzuwa likupendeka ali ndi nkhope ya munthu wochokera kumanda. Mafoni atafika kumaesiteti zinangonyanyira. Anzawo aja sankavutikanso kutuma munthu, ankangofulasha, foni kulira kamodzi n'kuduka, basi bambo aima pakati pa chakudya ati aiwala kena kake kuofesi. Ndalama zikatha ankabetcherana mayunitsi, kutumizirana pafoni pomwepo. Ndinalira, ndinatukwana, ndinanyanyala kuphika. Iwo ankapepesa mochokera pansi pa mtima, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Ankakhulupiriradi kuti ulendo umenewo unali womaliza.

Kenaka nkhani inawapeza amanejala. Anawaitanitsa kuofesi n'kuwauza kuti kapitawo wotchova juga ndi anthu amene amawagawira mizere ndi kuwayang'anira pasikelo sangakhale wachilungamo. Akadzamvanso, ntchito yatha.

Tsiku limenelo bambowo anabwera kunyumba msanga. Anakhala pakhonde osavula jombo, n'kundiitana.

"Mayi, ine pandekha ndalephera," anatero. "Ndikalumbira m'mawa, masana ndimakhala munthu wina. Munditsekere njira zonse."

Nzeru zake zinali zawo, ine sindinawonjezepo kanthu. Anati pa tsiku la malipiro ndiziima nawo pazenera la kalaliki, envulopu ikangotuluka izilowa m'manja mwanga yosatsegula. Njinga anaipalasa okha mpaka ku Goliati kukaisiya kwa mchimwene wanga, kuti asamathe kutsatira juga kumaesiteti ena, n'kubwerako wapansi. Foni anayamba ndi kufufuta manambala, koma manambalawo anali m'mutu. Anagula simu ina, koma nambala ya kapitawo sibisika, sabata isanathe onse anali nayo. Mapeto ake foniyo inayamba kugona m'chitenje mwanga, akaimba akuofesi ndinkachita kuwapititsira. Anapitanso kwa mkulu amene ankasunga makhadi, bambo wina wogulitsa kanyenya, n'kumupempha kuti akadzawaona m'mabulugamu adzawathamangitse ngati galu. Mkuluyo akuti anaseka mpaka kutsokomola, komabe anavomera.

Musaganize kuti zinali zokoma. Madzulo a tsiku la malipiro bambowo ankangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ankagwira khasu n'kumalima kadimba kathu kolimalima kale mpaka matuza m'manja. Ankabwera ndi mabodza ooneka bwino, ati mnzawo waferedwa, ati pakufunika chopereka kutchalitchi. Ndikakana ankandinyengerera, ndikakanabe ankandinenera mawu oti sindingawabwereze pano. Ine ndili ndi pakamwa panga, ndinkawabwezera. M'mawa mwake ankadzuka ofatsa n'kunena kuti, "Mwachita bwino dzulo, mayi." Ndinkadana nayo ntchito imeneyi. Ndinakwatiwa kuti ndikhale mkazi wa munthu, osati mlonda wa pageti.

Koma zinkatheka. Dzinja lonse linadutsa, masamba ali ochuluka, ndalama zikubwera bwino, ndipo zonse zinkafika kunyumba. Ana anavala nsapato. Bambowo anayamba kunenepa ndi kugona tulo. Pamene chiperoni chinkayamba ndinali nditayamba kukhulupirira kuti tidzakalambira m'nyumba imeneyo, ndipo ndinadzala mapeyala awiri kuseri.

Abale awo a ku Kapichi sankadziwa za juga. Ndinazibisa monga anatiphunzitsira, kuti za m'nyumba saulula kunja. Chimene ankadziwa n'chakuti mlongo wawo wa amuna anga akaimba foni, woyankha ndinkakhala ine. Tsiku lina mlamu wangayo anabwera kudzapempha thandizo la feteleza. Anakhala pamphasa, anafotokoza dandaulo lake kwa mchimwene wake, ndipo bambowo anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ndinalowa kuchipinda, n'kutuluka ndi ndalama, n'kumupatsa ndi manja awiri. Zinali zambiri kuposa zonse zimene bambowo anamupatsako zaka za m'mbuyomo, poti kale kunalibe chotsala. Koma mlamu sanaone kuchuluka kwake. Anaona dzanja limene zachokera.

Anafunsa za njinga, anamuuza kuti ili kwathu ku Goliati. Anagona masiku awiri, ndipo tsoka ilo tsiku la malipiro linamupeza ali pomwepo. Anaima patali n'kuona mchimwene wake, kapitawo wathunthu, akupereka envulopu kwa mkazi pamaso pa anthu amene amawalamula. Akazi a kumalayini, omwe aja ankanditcha mkazi wa abusa, anamuthandiza kumvetsa. Anamuuza kuti nawonso akhala akudabwa, mwamuna sangafatse chonchija popanda kudyetsedwa. Kwathu kuno mwamuna akamamvera mkazi mopitirira amati amudyetsa khuzumule, mankhwala oika m'ndiwo kuti afooke mtima. Sabata yotsatira tinalandira uthenga woti ankhoswe akubwera.

Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Kuchimuna kunabwera amalume awo, nkhalamba yaulemu yovala jekete ngakhale kutentha, pamodzi ndi mlamu uja. Kwathu kunabwera mchimwene wanga. Tinakhala kuseri kwa nyumba kuti oyandikana nawo asamve, ngati kuti kumalayini khoma limabisa kanthu.

Mlamu anayala mlandu wonse, envulopu, foni, njinga. Atamaliza, amalume anafunsa ine. Ndinayang'ana amuna anga, chifukwa chinsinsicho chinali chawo. Ndinkaopa kuti akhala chete. Sanakhale chete, ndipo pa ichi ndimawalemekeza mpaka lero.

"Amalume, mayiwa sanalakwe," anatero. "Ndinawapempha ndekha. Ine ndimatchova juga, ndipo ndikagwira ndalama sinditha kudziletsa. Anandipatsa kale woningi kuofesi. Akandipezanso ntchito yatha, nyumbanso yapita."

Ndinapuma, ndikuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mlamu anaomba m'manja kamodzi.

"Mwamva nokha, amalume. Achimwene angayankhule chonchi? Mwamuna kudzinyoza pamaso pa mkazi ndi mlamu wake? Akuyankhulawa ndi mankhwala."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Juga, mphwanga, ndani sanatchoveko? Ifenso tinatchova paunyamata. Mwamuna akafuna kusiya amangosiya, sachita kupereka thumba lake kwa mkazi."

"Ndinayesa, amalume. Zinakanika."

"Ee, zikanika bwanji osakanika, mtima anauchotsa kale," anatero mlamu.

Pamenepo ndinaona kuti tagwa m'mbuna. Bambowo akanditeteza, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Akanakhala chete, ndiye kuti avomereza mlandu. Ndinapsa mtima ndipo ndinayankhula zambiri. Ndinamufunsa mlamu kuti anali kuti pamene ana a mchimwene wake ankagona ndi njala malipiro atangolandiridwa kumene. Ndinati ngati ndili ndi mankhwala amphamvu chotero, bwanji sindinawadyetse amanejala kuti atikwezere malipiro. Palibe anaseka. Amalume anasintha chinenero, n'kumayankhula Chilomwe ndi mchimwene wanga ngati ine palibe, ndipo ndinamva akuti pakamwa pamenepa ndi umboni wokwanira.

Mchimwene wanga ananditengera pambali. Iye ankadziwa zoona, njingayo inali m'nyumba mwake. Koma anali ndi ana aakazi oyembekezera kukwatiwa.

"Achemwali, bwezani zinthuzi," anandinong'oneza. "Mbiri ya mankhwala ikalowa pamtundu siichoka. Mawa adzati akazi a kwathu onse ndi otero."

"Nanga nyumbayi?"

"Mulungu adziwa. Bwezani."

Chigamulo chinali choti envulopu izikhala ndi mwini wake, njinga ibwerere, foni ibwerere, ndipo bambowo apite ku Kapichi akawasanzitse. Ndinamasula chitenje, n'kutulutsa foni ija, n'kuiika pamphasa. Amuna anga sanaitole. Anakhala akuiyang'ana mpaka amalume anaitola okha n'kuwaikira m'thumba la malaya.

Amuna anga anapempha tchuthi cha masiku ochepa n'kupita. Kumeneko anawamwetsa zowawa kwa sing'anga, anasanza mpaka kutsala mafupa, ndipo akuti m'masanzimo munapezeka kanthu kakuda kamene aliyense anakaona ndi maso ake. Ine sindinakaone. Anabwerako atakwera njinga yawo, maso atalowa m'kati.

Ndisawanamizire, analimbana nazo. Malipiro oyamba anabwera nawo kunyumba akuthamanga, thukuta lili kamukamu, n'kundiponyera envulopu pamiyendo chitseko chili chotseka. Koma kuchokera pazenera la kalaliki kufika kunyumba njira imadutsa m'mbali mwa mabulugamu, ndipo tsopano ankaiyenda okha. Ine ndikanapita kukawachingamira, uthenga ukanafika ku Kapichi dzuwa lisanalowe. Mkulu wa kanyenya uja naye anali atamva kuti pempho lija silinali la bambowo, linali la mankhwala, ndiye panalibenso chifukwa chowathamangitsira. Madzi saiwala khwawa. Malipiro achiwiri anafika operewera, achitatu sanafike.

Miyezi imeneyo sindikonda kuikumbukira. Foni ikalira kamodzi n'kuduka, bambowo ankanyamuka. Ndinkawagwira dzanja, iwo n'kulichotsa mwaulemu, osandiyang'ana. Kenaka ulemuwo unatha. Anayamba kukalipa, kukalipira ine, ana, ngakhale nkhuku, chifukwa munthu wodzida yekha sasowa womukalipira. Njinga ija inapita m'mabulugamu osabwerako. Ndinasiya kulira, ndinasiya kutukwana. Ndinkangoyembekezera, monga muja timayembekezera uthenga wa munthu amene madokotala amubweza kunyumba.

Anawagwira ndi alonda a esiteti, masana dzuwa likuswa mtengo, makhadi ali m'manja, atazunguliridwa ndi anthu a m'gulu lawo lomwe. Amanejala sanachulutse mawu. Anatipatsa masiku oti tikhale titatuluka, ndipo mwachifundo anatibwereka thirakitala yoti itifikitsire katundu kumsewu. Kopita kunali kumodzi, ku Goliati, kukapempha kangodya pakamunda kaja. Ana anasiya sukulu pakati pa teremu.

M'mawa wa tsiku losamuka mlamu anatulukira. Anali atafika dzulo lake n'kugona kwa mnzake kumalayini komweko. Anabwera atamanga chitenje m'chiuno, wokonzeka kugwira ntchito, ndipo anagwiradi. Anakolopa, anamanga mitolo, anasenza ndowa. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mchimwene wakeyo ankamukondadi. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa mtima, bwenzi ndikudziwa pomuika.

Titatsala awiri m'chipinda chopanda kanthu, anandigwira paphewa.

"Alamu, zakale zisiyeni, ine ndinakukhululukirani," anatero. "Ntchito ndi zam'dziko izi, ina adzaipeza. Chachikulu achimwene achira. Dzulo ndimadutsa apa ndinawamva akukukalipirani, mawu ali gwaa, ndinati eya, alongo anga aja abwerera."

Ankanena zimenezi pofuna kunditonthoza. Amuna anga anali ataima pakhomo, atanyamula mpando, ndipo anamva zonse. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuweramitsa mutu, n'kutuluka nawo mpandowo.

Dalaivala wa thirakitala anali ataliza kale injini. Ndinamuuza mlamu kuti agwire mbali inayo ya tebulo, tinyamule.