Mlatho Umene Grey Sanawoloke

Samsoni anafika ku Njombwa chaka chimene dzina lake ndi la mkulu wake Grey sanatuluke pa mndandanda wa makuponi a feteleza kwawo ku Phalombe. Anadikira mwezi wathunthu kuti mwina alembi akonza, koma ataona kuti mvula yayandikira anakwera lole ya anthu ofuna matenanti. Anali atatu: iye, Grey, ndi Elube mkazi wa Grey. Pa esiteti anawapatsa munda umodzi, chigafa chimodzi choyanikamo fodya, ndi tinyumba tiwiri taudzu toyang'anizana. Anakhalapo zaka zinayi.

Abale awiriwa anagawana ntchito monga mwa chibadwa chawo. Samsoni anali wa manja othamanga. Pothyola fodya ankatsiriza mzere anzake akadali pakati, ngakhale kapitawo ankadandaula kuti masamba ena akung'ambika. Grey ankakhala m'chigafa ndi singano, kusoka masamba n'kuwapachika pa mikangala, ndipo posankha fodya ankatha kutembenuza tsamba limodzi katatu asanaliike pa mulu wake.

Ngakhale pa masewera anali osiyana chomwecho. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, Samsoni ankalowa m'kanyumba ka mavidiyo pamsika, mmene munali gemu ya nkhonya, n'kumadinda mabatani mpaka zala kuwawa. Grey anagula foni yagalasi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wotchaja mafoni anamuikiramo gemu ya mtundu wina. M'menemo ankhondo amaima mizere iwiri, wina n'kumenya kamodzi, n'kuima kudikira kuti mdani naye amenye. Samsoni anaiona tsiku limodzi lokha. Ananena kuti imeneyo si nkhondo koma msonkhano wa akuluampingo, ndipo sanaikhudzenso.

Grey anadwala chibayo mu Febuluwale, fodya ali pachimake pothyola. Anagona masiku asanu, n'kumwalira. Galimoto yopititsa maliro ku Phalombe sinapezeke, choncho eni mudzi woyandikana ndi esiteti anapereka malo kumapeto kwa manda awo. Samsoni ananyamula nawo bokosi, anaponya dothi, m'mawa mwake n'kulawirira kumunda chifukwa masamba am'munsi anali atayamba kupsa. Sanalire. Anthu ankati ndi wolimba mtima, koma iye ankangomva ngati thupi lonse lachita dzanzi, monga umachitira mkono ukaugonera.

Patatha masabata atatu bwana wa esiteti ananena kuti lole yake ipita ku Lilongwe Loweruka, ndipo Elube akwere nawo kuti akapezere basi kumeneko. Kubanja kwa Elube anali ndi kachitidwe kawo: mkazi sachoka pamalo pali ntchito imene malemu analekeza. Ndiye sabata imeneyo anatsiriza zonse. Elube anasoka masamba amene anatsalira pa singano, Samsoni anasema mpini wa khasu umene unali pakhonde, anamatanso chubu cha njinga. Lachinayi masana Samsoni ali m'chigafa, Elube anabwera ndi foni ija n'kuiika pa saka pafupi naye.

"Alamu, katsala aka."

Samsoni anayankha kuti imeneyo si ntchito. Elube sanatsutse. Anangonena kuti Grey anaisiya gemu ija Lamlungu lija asanadwale, akuti mawa awoloka mlatho wa m'gemumo. Ananenanso kuti akakafika kwawo mchimwene wake akatenga foniyo n'kukaifufutitsa zonse kuti aziimbira, ndiye ngati mlathowo suwolokedwa pofika Loweruka, sudzawolokedwanso.

Samsoni anapukuta manja pa buluku n'kuiyatsa. Pagalasi panaoneka mlatho wamiyala, ndi tianthu tinayi titaima moyang'anizana ndi zimphona zitatu ndi mkulu wake wa nkhwangwa. Tonse tinkangogwedezeka pang'onopang'ono ngati tikupuma. Palibe amene anali atamenya mnzake masabata onsewo. Pamwamba pa mitu panali mayina amene Grey analemba yekha. Wa lupanga kutsogolo anali Samu. Wa ndodo anali Elube. Wonenepa wa chishango anali Kapitawo. Kumbuyo kwenikweni kunali wa uta, Grey.

Mawu a m'gemumo anali a Chingerezi, koma Elube ankadziwa zithunzi zake chifukwa ankaonera ali pambali pa mwamuna wake. Anamuloza lupanga lomenyera, chishango chodzitchinjirizira, ndi botolo la mankhwala. Anamuuzanso kuti m'gemu imeneyi wogwa sadzukanso, ndipo Grey anayenda ndi anthu anayiwo chaka ndi theka osataya ndi mmodzi yemwe.

Samsoni anamva, koma chala chake sichinamve. Anadinda lupanga, lupanga, lupanga, aliyense ikafika nthawi yake. Chimphona chimodzi chinagwa. Zinazo zinabwezera, ndipo mizere yofiira yosonyeza moyo inafupika kwa onse anayi.

"Mukuthyola fodya apa?" anatero Elube. "Palibe amene akupatseni mphotho yotsiriza mzere. Mundiphera Kapitawo wanga."

"Ameneyo afe. Ndi amene amatidzutsa kusanache."

Elube anatulutsa mpweya m'mphuno ngati akufuna kuseka, koma zinathera pomwepo. Posakhalitsa batire linatha.

Lachisanu Samsoni anayenda wapansi kupita kumsika kukatchajitsa. Anakhala pa benchi maola awiri. Kuseri kwa khoma kunkamveka phokoso la gemu ya nkhonya ndi anthu akukuwa, ndipo mnzake wina anamuitana kuti alowe. Anapukusa mutu. Sikuti ankadziletsa, kungoti sanamve chilakolako chilichonse.

Pobwerera mvula inamupeza panjira, ndipo inagwa mpaka madzulo moti kumunda sikunapitike. Anakhala m'chigafa pansi pa fodya wopachika, Elube ali pa mtondo chapatali akupinda zovala. Gemu inayambira pomwe inalekera. Samsoni ankafunsa asanadinde, ndipo Elube ankayankha osadzutsa mutu. Anaphunzira kuti mkulu wa zimphona uja amayamba wakweza nkhwangwa, n'kumenya ulendo wotsatira, ndiye ukaona yakwera uike Kapitawo patsogolo. Anaphunzira kuti muvi wa Grey supweteka kwambiri koma suphonya. Gemuyo sinamukomerebe. Kudikira kuti amenyedwe ali chiimire kunkamuyabwa m'mapewa. Komabe zimphona ziwiri zija zinagwa, ndipo mankhwala anali kutha chifukwa cha mabala a dzulo lake.

Loweruka m'mawa lole inaima pafupi ndi ofesi, anthu akukweza matumba. Katundu wa Elube anali atamangidwa kale: chikwama chimodzi, ndowa, ndi mphasa. Awiriwo anakhala pakhonde. Pa mlatho panatsala mkulu wa nkhwangwa yekha, moyo wake uli pang'ono. Chishango cha Kapitawo chinali chitasweka, ndodo ya Elube itatha mphamvu. Samu ndi Grey onse anali ndi kachidutswa ka mzere wofiira. Botolo linatsala limodzi. Nkhwangwa inali m'mwamba, ndipo Samsoni anali ataona kale kuti ikatsika imasesa awiri.

Anafunsa ngati muvi wa Grey ungathe kutsiriza chimphonacho. Elube anati sungathe, pakufunika lupanga. Anafunsa ngati pali njira yothawira. Elube anati pa mlatho palibe. Kenako anafunsa kuti mwini wake akanatani.

"Ankapatsa inu. Nthawi zonse. Ankati ameneyu ndi wopupuluma, koma akagwa tonse tagwa."

Samsoni anayang'ana foni ili m'manja. Galasi linazima lokha, iye n'kuliyatsanso. Linazimanso. Ku ofesi dalaivala anaimba hutala kamodzi, kenako anayamba kucheza ndi mlonda. Elube sanamufulumizitse. Anali kuyang'ana nkhuku za eni ake zikupalasa pansi pa thandala.

Samsoni anadinda botolo, n'kudinda Samu.

Nkhwangwa inatsika. Samu anadzandira koma anaima. Wa uta uja anagwada, anagona chammbali, kenako anazimirira pang'onopang'ono mpaka panatsala miyala ya mlatho yokha. Nthawi ya Samu itafika, Samsoni anadinda lupanga. Chimphona chinagwa, kanyimbo kosangalala kanalira, ndipo tianthu titatu tinayenda kuwoloka. Kutsidyako kunaoneka msewu wina wautali wolowera kumapiri.

Samsoni anayembekezera kuti mwina amva kanthu pachifuwa. Anangomva njala, chifukwa anali asanadye. Ananena kuti gemuyo sinathe, kuli msewu wina.

"Ananena za mlatho," anatero Elube. "Za kutsogoloko sananene."

Anatenga foniyo, anaizimitsa, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Samsoni ananyamula chikwama ndi ndowa mpaka pa lole, Elube akubwera pambuyo ndi mphasa. Anthu awiri anamukoka Elube kuti akwere, ndipo anakhala pa thumba la chimanga atatsamira chitsulo. Injini italira anawerama n'kumuuza kuti mchere wausiya m'chitini pamwamba pa chitseko, ndipo ufa umene ulipo ukwana mpaka Lachitatu.

"Chabwino, alamu," anatero Samsoni. "Muyende bwino. Mukawapatse moni amayi."