Kofiya ya Ababa ndi Maso Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nyengo ija zipani zitangochuluka, pamene azakhali anga anavomera kundiphunzitsa kusoka kofiya, tizisoti tija amuna amavala popita kumzikiti. Tinkakhala ku Benga, m'mphepete mwa msewu. Azakhaliwo anali ndi manja odala. Ankaboola timabowo pansalu yoyera, n'kumazunguliza ulusi kabowo kalikonse mpaka maluwa kuoneka. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti pa Idi ababa adzavala kofiya ya manja anga, osati yogula.

Koma panali chimodzi chimene chinkanditopetsa. Ndikangomaliza duwa, dzanja litayamba kuzolowera, azakhali ankandidula, n'kundiitana dzina.

"Asiyatu, tadzuka. Lole ikubwera apoyo yanyamula a chipani chiti?"

Ndinkatuluka pakhonde n'kuponya maso kutali, kumene msewu umakhotera.

"Sakuoneka bwino, azakhali, koma akuimba."

"Dikira afike pamtengo wa mango uwaone nsalu zawo."

Kukapanda lole, ankafunsa za wanjinga: ndani, wanyamula chiyani, akulowera kuti. Ndinkangoti mumtima, koma azakhali awa miseche!

Kenaka kunagwa maliro ku Dwangwa, azakhali anapita n'kukhalitsa. Mulungu andikhululukire, ine ndinasangalala. Ndinkakhala m'nyumba pafupi ndi zenera, nsalu pamphuno, kusoka kuyambira m'mawa wopanda wondituma. Maluwa anachulukadi. Koma posakhalitsa m'maso munayamba kumveka ngati mwalowa mchenga. Misozi inkangotsika yokha, mutu ukugunda pachipumi. Tsiku lina timabowo tinayamba kuoneka tiwiritiwiri, ndipo ulusi unakaniratu kulowa pasingano. Ndinalira kwambiri. Ndinaganiza kuti ndayamba khungu, kofiya ili theka, Idi ili pafupi.

Azakhali atabwera anandigwira chibwano, n'kundiyang'ana m'maso, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwana wa achimwene, maso psuu ngati wawathira tsabola! Kodi ndani ankakutuma kukaona malole ine kulibe?"

"Palibe," ndinayankha uku ndikufwenthera.

"Ndiye umayesa zipanizo zimandipatsa chiyani ine? Ndimafuna diso lako likawongole miyendo. Ukakhalira mwendo tsiku lonse suchita dzanzi? Diso nalonso n'chimodzimodzi."

Anatenga kofiya ija n'kuitsekera m'sutikesi mwawo. Ndinawachonderera, koma anakana. M'malo mwake ananditumiza kumunda wa mpunga kukaingitsa mbalame. Kumeneko kunalibe choyang'ana pafupi. Kunali mpunga wobiriwira mpaka uko, mapiri a kumadzulo, ndi timbalame touluka m'magulu. Ndinkakuwa, kumenya chitini, kuthamanga m'matope ndi anzanga, mwakuti ndinaiwala kuti ndine wodwala. Mchenga uja unachoka m'maso osadziwa kuti wachoka liti.

Atanditsegulira sutikesi, masiku ofikira pa Idi anali atatsala ochepa. Ndinkasoka duwa, n'kudzuka ndekha kukaona msewu, n'kubwerera. Ndinkaopa kuti kudzukadzukako kundichedwetsa, koma ayi, ulusi unkalowa pasingano kamodzi n'kamodzi. Ndinamaliza kutatsala pang'ono. Duwa limodzi, lija ndinasoka ndikuona ziwiriziwiri, linali lopotoka, ndipo ndinafuna kulimasula.

"Lisiye," anatero ababa. "Ndi limene ndizidziwira yanga."

Alhamdulillah, tsiku la Idi anaivala! Pochokera koswali ankaweramitsa mutu kwa aliyense wokumana naye, amvekere, "Taonani, ya mwana wanga iyi." Azakhali anaimba nthungululu pakhomo, ine manyazi ndi chimwemwe zitandigwira pamodzi.

Lero ndine mayi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma Mulungu wandichitira zazikulu: mwana wanga Zainabu ali ku yunivesite. Maphunziro awo ambiri amachitira pa foni ndi pa laputopu, aphunzitsi ali kwina iwo ali kwina. Atabwera kuno ulendo wathawu ndinamuona akutikita m'maso, akutsinzinira kuti awerenge, akudandaula mutu. Tinapita kuchipatala, ndipo adokotala anati maso ndi abwino, angotopa ndi kuwala kwa makinawo.

Za m'makinamo ine sindidziwa kanthu. Chimene ndimachita n'kuyala mkeka pambali pake, n'kumasenda chinangwa changa. Pakapita kanthawi ndimamukodola.

"Zainabu, taona amene akutsika minibasi uko. Si mkazi wa a sheikh ameneyo?"

"Amayi, inu miseche!" amatero akuseka, koma amadzuka.

Tsopano ndinazindikira kuti ntchito imene umaikonda ndi imene imakudya maso, chifukwa siikuuza kuti pumula. Pamafunika munthu wokukonda woti azikusokoneza. Ndimathokoza Mulungu kuti ine anandipatsa wotero, ndipo ndimapempha kuti kusukulu uko, kumene ine sindifikako, mwana wanga apeze mnzake womudzutsa pampando.