Maina a ziweto za m'foni

Ine sindiyankhula zambiri. Chaka chatha akazi anga nawonso anasiya kuyankhula. Pakhomo panangotsala phokoso la nkhuku.

Chinayambitsa ndi mbuzi. Mwana wa achimwene anga ankakwatira. Tinakhala pansi amuna okhaokha kukambirana za chakudya cha pa ukwati. Wina anati apereka mpunga. Wina nkhuni. Kenako maso onse anafika pa ine. Ndinati, "Mbuzi." Anandiwombera m'manja.

Ine mbuzi ndinalibe. Imene inali pakhomo inali ya akazi anga, yaikazi, yakuda, ya khutu limodzi long'ambika. Anaipeza ili kamwana posinthanitsa ndi mpunga wawo. Inali isanaswepo. Ankaiyembekezera.

Masiku amenewo iwo ankakhala kumunda kufupi ndi Bua, kuingitsa mbalame mumpunga. Ndinati ndiwauza akabwera. Anabwera tsiku la ukwati lenilenilo, nafikira komweko. Anadya nyama. Anapempha ina. Anauza amayi anzawo kuti mwini mbuzi iyi ankaidyetsa bwino. Kenako anapita kuseri kukatsuka mbale, napeza mutu wa mbuzi uli m'beseni, khutu long'ambika lili poyera.

Sanakuwe. Anatsuka mbale zonse, nabwera kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo mawu awo ankadzera kwa nkhuku.

"Nkhuku inu, madzi ali kubafa. Amene akufuna kusamba asambe."

Ndinkasamba.

Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito ku Lilongwe. Anabwera ku ukwatiwo, ndipo asanabwerere anatisiyira foni yake yakale kuti tizigwiritsa ntchito tonse awiri.

"Ababa, kuchipatala anati magazi anu amathamanga. Ndakuikirani gemu kuti mtima uzikhala pansi."

"Sindine mwana."

"Mulibe mfuti, mulibe mpira. Muzingoyendetsa ziweto. Paja munali mbusa?"

Ndinali mbusa, zoona. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 n'kupita kudambo ndi ng'ombe za amalume. Mwanayo anati gemuyo anaipanga anthu ochepa chabe kunja kwa dziko lino, atakhala m'kachipinda. Ndinati nawonso alibe chochita.

Patapita mlungu mwanayo anaimba foni. Amayi ake anayankha ali pakhonde, ine ndili pansi pa mtengo wa mango ndikusoka ukonde. Anakweza mawu kuti afike pamene ndinali.

"Ndikangomaliza kupuntha mpunga ndikupita ku Benga kwa achemwali anga. Ayi, osati kukacheza. Kukakhala."

Ndinayang'ana mulu wa mpunga pabwalo. Unali waukulu ndithu. Koma akazi anga akakwiya amagwira ntchito ya anthu atatu.

Masana amenewo ndinatsegula gemu ija, poti palibe amene ndikanacheza naye.

Muli kamunthu ka chipewa chachikulu, kogwira ndodo. Muli zinyama. Si ng'ombe, si nkhosa. Ubweya wake umafika pansi ngati denga la udzu lakale, nyanga zopindikira kumbuyo, belu m'khosi. Ukakankha chala pagalasi, kamunthu kamayenda. Ukagwedeza ndodo, zinyama zimatsogola. Basi. Mphepo imawomba, udzu umagwedezeka, nkhungu imabwera n'kupita. Kutali kuli phiri lalitali, pamwamba pake poyera ngati chinangwa choyanika. Mulibe munthu woyankhula. Apa ndiye pamene ndinaikondera.

Zolakwika zinalimo. Amene anaipanga sanadyetsepo chiweto. Mulibe nkhupakupa. Mulibe ndowe. Mulibe munda wa munthu woti ziweto zilowemo mwiniwake abwere ndi chikwanje. Ndinafika nazo pamtsinje, ndinaima nthawi yaitali kudikira ng'ona. Sinabwere. Mtsinje wanji umenewo?

Achimwene anandipeza ndili pomwepo. Anasuzumira.

"Wawina?"

"Sawina."

"Nanga umatani?"

"Ndimayenda."

"Kupita kuti?"

"Kuphiri."

"Kukatani?"

"Sananene."

Anandiyang'ana, nayang'ana kukhonde kumene kunali alamu awo, napukusa mutu n'kumapita.

M'njira umapeza zinyama zina zosochera, china chitakodwa muminga, china chitaima chokha pamvula. Ukachimasula chimalowa m'gulu lako. Pamenepo foni imatulutsa kabokosi kopanda kanthu ndi mawu achingerezi pamwamba. Ndinatumiza uthenga kwa mwana uja kumufunsa. Anati, "Akufuna dzina, ababa. Chilichonse muzichipatsa dzina."

Za maina a ziweto ndimazidziwa. Amalume anali ndi galu dzina lake Lekanimiseche. Mkazi wa pakhomo loyandikana akamadutsa, amalume ankaitana galuyo mokweza, ngakhale ali pa mapazi awo. Mkaziyo anagula wake namutcha Mudziyambandinu. Anthu awiriwa sanakanganepo ndi pakamwa mpaka imfa. Agalu ndiwo ankatopa.

Ndiye ndinalemba. Chala changa n'chachikulu, zilembo n'zazing'ono, koma ndinalemba. Choyamba ndinachitcha Inalimbuzichabe. Chachiwiri Tinadyatonse. Chachitatu, chonenepa, chaulesi, ndinachitcha Munapemphaina. Ndinaseka ndekha. Mtima unakhaladi pansi.

Foni tinkaitchaja pa sola, pawindo la kuchipinda. M'mawa ndinkaitenga ine. Ndikapita kumzikiti masana ndinkaibwezera pawindo, poti akazi anga ankamvera mauthenga a mwana wawo. Sindinaganize kuti angatsegule gemu. Ndinaiwalanso kuti anapita kusukulu ya kwacha zaka ziwiri, ndipo amawerenga kuposa ine.

Tsiku lotsatira ndinatsegula. Ziweto zinalipo zonse. Maina anali ena.

Inalimbuzichabe chinasanduka Inaliyanga. Tinadyatonse chinasanduka Sindinadziwe. Chonenepa chija, chimene chimakonda kuima patsogolo n'kumagwedeza belu popanda chifukwa, anachitcha Olemerapagulu.

Ndinayang'ana pabwalo. Anali akupuntha mpunga, msana atandilozetsa. Ndodo inkagwa mwamphamvu.

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti dzina limasinthika. Ndinafunsa mwana uja. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amama anandifunsa dzulo zomwezo. Kodi inu awirinu simungangoyankhulana?"

"Tikuyankhulana."

Zinapitirira choncho. M'mawa ine, masana iwo. Ndinalemba Zinapitakale. Anayankha Sizinapite. Ndinalemba Achimweneanapempha, koma kabokosi kanali kafupi, kanadula mawu pakati. Iwo analemba Pakamwamulinapo. Ndinalemba Mutuukundipweteka kuti mwina amve chisoni. Anachitcha Imwanimadzi. Pa zaka zonse za ukwati wathu sitinakambiranepo nkhani imodzi nthawi yaitali chotero.

Kenako ndinaona chinthu china. Sankangosintha maina. Ankayendetsanso ziweto. Ndikazisiya patsidya lino la mtsinje, mawa ndinkazipeza patsidya linalo. Zinali zoyera, ubweya wosalala, minga yonse yachoka. Ine ndinkangodziwa ndodo. Iwo anatulukira kuti ukagwira chala pa chinyama osachichotsa, kamunthu kamachisisita, ndipo chinyamacho chimatseka maso n'kulira pang'onopang'ono. Zikasisitidwa zimamvera msanga. Izi sizinandisangalatse. Ndinali mbusa ndine.

Tsiku lina ndinabwerako msanga kumzikiti. Ndinawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, foni ili pafupi ndi mphuno. Sanandione.

"Iwe Olemerapagulu, bwerera kuno! Ukupita kuti? Mutu waukulu wopanda kanthu. Bwera, ndikuchotse minga. Ukanakhala wekha ukanafa kalekale iwe."

Anachisisita nthawi yaitali. Ndinabwerera chammbuyo mwakachetechete, n'kukazungulira kumaso kwa nyumba ndikutsokomola.

Mpunga unkatha. Mulu unasanduka kamulu. Matumba anaima pakhonde, osokedwa kukamwa. Ndinaona atachapa zitenje zawo zonse tsiku limodzi, ngakhale zimene savala. Ndinaona atatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuipukuta fumbi. Nkhuku zinauzidwa kuti Lachisanu kuli ulendo.

Achimwene anabweranso.

"Upite ukagwade. Mkazi akupita uyu."

"Ndikukonza."

"Ukukonza chiyani? Ukungodinadina foni."

"Ndi momwemo."

Lachinayi m'mawa ziweto zinali zitayamba kukwera phiri. Nkhungu inali yambiri. Mabelu okha ndiwo ankamveka. Ndinamva kulira kwina kumbali, ndinatsata. Ndinapeza kamwana ka chinyama katapanikizika pakati pa miyala iwiri, kakunjenjemera. Ndinakatulutsa. Kabokosi kanabwera.

Ndinakhala ndikukayang'ana mpaka galasi linazima. Ndinaliyatsanso. Ndinadulapo nzimbe ku Dwangwa zaka zambiri, dzuwa lili pamutu, koma sindinatulukepo thukuta ngati la tsiku limenelo. Ndinalemba Pepani.

Nzeru yanga inali yabwino. Ndiika foni pawindo. Masana atsegula, awerenga, nkhani yatha. Pakamwa panga posatsegula.

Koma ndinafuna kuti akangotsegula akaone kali patsogolo, osati kumbuyo kwa zinzake zaubweya zija. Ndinati ndikayendetse pang'ono kufika poyera. Njira inali yopapatiza, mbali imodzi mwala, mbali ina phompho. Ndinayenda bwinobwino. Kenako ntchentche inatera pagalasi. Ndinaiingitsa ndi chala chomwecho choyendetsera.

Kamunthu kanagwedeza ndodo mwamphamvu. Ziweto zinadzidzimuka. Olemerapagulu chinathamanga kutsogolo monga mwa khalidwe lake, n'kukankha kamwana kaja ndi thako.

Kanagwa. Kabelu kake kanamveka kakutsika, kakutsika, kenako zii.

Ndinadikira kuti mwina kabwerera. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinaigwedeza. Gemu imeneyi chimene chagwa chagwa. Pa ichi chokha anthu aja ananena zoona. Ziweto zinaima m'mphepete mwa phompho zikuyang'ana pansi. Ndinayendayenda m'nkhungu kufuna china chosochera choti ndichipatse dzina lomwelo. Panalibe. Ndinati ndisinthe dzina la chimodzi mwa zakale, koma batire linafiira, foni n'kuzima. Kunja kunali mitambo. Sola sikanathandiza msanga.

Akazi anga anali pakhonde akusoka thumba lomaliza.

Ndinaimirira. Ndinapita. Ndinaima patsogolo pawo foni ili m'manja ngati mwana amene waswa mbale. Sanadzutse mutu. Ndinafuna kungowauza za ngoziyo, poti ziwetozo tinkaweta tonse.

"Pepani wagwa m'phompho."

Singano inaima.

"Mwati chiyani?"

Aka kanali koyamba kundifunsa ine mwini, osadzera kwina, chichitikire ukwati uja.

"Kamwana. Ndinakapeza m'mawa. Kagwa."

"Ndani wagwa?"

"Pepani."

"Khutu ili lalowa mankhusu. Bwerezani."

"Pepani."

"Kwezani mawu, bambo. Pokambirana za ukwati paja munakweza."

"Pepani!"

Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anatembenuka. Akazi anga anamupatsa moni bwinobwino, namufunsa za ana, namudikira kuti apite. Kenako anandiyang'ana.

"Chifukwa cha chiyani?"

Apa ndikanatha kunena kuti chifukwa cha ntchentche. Zinali zoona. Ndinayang'ana sutikesi imene inali pakhomo la chipinda.

"Chifukwa cha mbuzi. Inali yanu. Sindinafunse."

Anabaya singano pathumba, naikoka, namanga mfundo, nadula ulusi ndi mano.

"Ndakhala nanu mpaka imvi, liwu limeneli osalimvapo. Mpaka lichite kugwa m'phompho kuti lituluke."

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditayankhula kale zambiri.

"Kanali kotani?"

"Kakang'ono. Kotuwa. Kankanjenjemera."

"Munakasisita?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Anakagwetsa ndani?"

"Olemerapagulu."

"Nanga angakhale ndani."

Anaimirira, nadzikuntha mankhusu pachitenje.

"Gwirani uko, tilowetse thumbali."

Ndinagwira. Tinalowetsa. Tinabwerera kudzatenga lina. Pa thumba lachitatu ndinafunsa.

"Za mawa?"

"Ulendo ulipo. Achemwali akuti kwawoko kuli munthu ali ndi mbuzi zabwino. Mupita nane. Mukasankha yaikazi ine ndikuona, mukaikweza panjinga, mudzaipalasa nokha mpaka kuno. Ine ndibwera pa minibasi."

"Ndi kutali."

"Ndi kutalidi."

Tinamaliza matumba. Anatenga sutikesi ija, nandipatsa kuti ndiibwezere pamwamba pa kabati, poti ndine wamtali. Nditatsika pampando anatambasula dzanja.

"Bweretsani foniyo ndikaitchaje. Kuphiriko ndikwera nazo ndekha. Zala zanuzo zindithera ziweto."

Ndinapereka.