Masokosi a Ang'anjo

Dzina lakuti Ang'anjo analipezera ku labotale ya payunivesite, kumene anakalambira akuyang'anira moto. Ntchito yawo inali kusakaniza ufa wa mitundu iwiri, wina wonga dothi, wina wamchere, kuudinda kukhala timabatani, n'kutiwotcha. Kenako adokotala, mayi wosakhulupirira chinthu asanachiyeze mobwerezabwereza, ankaona ngati maayoni, tinthu tonyamula magetsi, akudutsa mosavuta m'timabatanimo. Ankafuna batire ya gasi yogwira ntchito pa kutentha kwapakatikati. Kwapakatikatiko n'kofiiritsa chitsulo, koma Ang'anjo, amene anabadwa ozizidwa mapazi, sankaona chokokomeza.

Lamulo linali lakuti woyanika chovala pang'anjo achotsedwe ntchito. Komabe m'dzinja iwo ankafika nsapato zili chonchobe ndi madzi, ndipo masokosi ankawapachika kuseri, pakamwa pa paipi yokokera mpweya m'ng'anjo.

Dzinja lina timabatani tinachita zodabwitsa: maayoni ankadutsa mosavuta kuposa kale. Mvula italeka, tinafooka. Adokotala anakayikira ufa, mawaya ndi wogulitsa gasi yemwe. Potsiriza anagwada kuseri kwa ng'anjo, napeza msomali wokhala ndi ulusi wabuluu wa masokosi.

Poopa kuchotsedwa ntchito, Ang'anjo anayamba kutchula ana awo mmodzimmodzi, mpaka mlamu amene amadyera pakhomo pawo. Adokotala maso anali papaipi. Ankaganiza za chinyezi, chimene chimathandiza maayoni ena kuyenda.

"Mawa mubwere nawo onyowa."

"Mayi, kunjaku kuli ng'amba."

"Muwanyowetse."

Akazi a Ang'anjo atawapeza akuviika m'ndowa masokosi ouma bwinobwino, anafunsa ngati moto wakuntchito wafika kumutu. Iwo anati imeneyo ndi sayansi.

"Sayansi yake ya fungo lomweli, bambo a ana?"

Masokosi atapachikidwa, timabatani tinatsitsimuka. Adokotala sanakhutire. Anayesa thaulo lonyowa, anayesa mpango wawo, anayesa chikolopa; zonse zinagwira ntchito. Pamenepo anaika botolo la madzi papaipi, nazula msomali uja, n'kukaukhoma pakhonde. Za kuchotsedwa ntchito sanazitchule n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti Ang'anjo sanasangalale. Kuyerekezedwa ndi chikolopa kunawapweteka kuposa mantha onse aja. Mpaka lero, ngakhale anapuma ntchito, amauza aliyense wowachezera kuti manambala a chikolopa anali otsikirapo pang'ono. Ndinafunsa adokotala. Anati kusiyanako kunali kochepa kwambiri moti sikutanthauza kanthu, koma anavomera kuti kunalipo.