Makina Samva Kukuwa

Tsiku limene ndinamudziwa Dyna, anali atakhala pansi pakhomo la holo ina ku Barking, kuno ku London, mlomo uli wotupa. Anali atagonja pa mpikisano wa taekwondo, masewera omenyana ndi mateche aja, 21 kwa 3, kwa kamtsikana ka sukulu.

Ine Goodwell ndayenda, abale. Ku Seoul ndafika, ku Dubai ndimapita ngati kumsika, mavani anga asanu ndi awiri akuzungulira London yonse. Koma nkhope yosweka mtima chotero ndinali ndisanaionepo.

Dyna, wosamalira okalamba ku Woolwich, anaphunzira masewerawa ku Ndirande, pa simenti. Anamuphunzitsa zachikale: ukamenya, kuwa mwamphamvu, kweza dzanja, yang'ana oweruza kuti akupatse mapointi. Kalelo zinkathandiza, chifukwa oweruza ankawerenga ndi maso. Koma pofika Olimpiki ya 2012, ija inachitikira tsidya la mtsinje konkuno, chovala chapachifuwa chinali chitayamba kuwerenga chokha mapointi. Phazi likagunda bwino, nambala imatuluka pa sikirini. Likapanda kutero, zii.

Ndiye Dyna ankamenya, n'kukuwa, n'kucheukira oweruza. Pomwepo mnzakeyo ankamuwaza kumutu.

A Mwamba, mphunzitsi wake wa ku Zambia, sanamunyengerere. "Iwe Dyna, uyangana ndani? Makina siyamvela kukuwa! Malo ya ku Belgium yasala imodzi chabe. Ukaluza mu Malichi, nipasa wina."

Dyna anali ndi zaka 32. Mwayi wina womenya pa mpikisano wa mayiko, ngati wa ku Belgiumwu, sukanabweranso.

Ndinamutsegulira galaja yanga ku Thamesmead, ine n'kukhala woweruza wabodza. Iye akamenya thumba limene ndinamupachikira, ine ndinkakuwa: "Pointi! Dyna, taona kuno!" Akangocheuka, ankayambiranso kuwerenga mateche ake mpaka mazana awiri.

"Amalume, ndinu Satana," anatero tsiku lina, thukuta lili kamukamu.

"Satana wa mavani asanu ndi awiri. Yambiranso!"

Sabata yoyamba anacheuka kosawerengeka. Ankafika atatopa ndi kunyamula okalamba, koma sanajombe. Pofika Febuluwale, ngakhale nditaimba likhweru, maso ake sankachoka pa thumba.

Mu Malichi anakumana ndi kamtsikana komwe kaja. Patatsala masekondi asanu, Dyna anagunda pachifuwa, n'kutsogola ndi pointi imodzi. Ine ndinadziiwala, n'kulumpha: "Dyna, wawina! Taona kuno!"

Sanacheuke. Phazi la mtsikanayo linali kale m'mwamba, ndipo Dyna analitchinga ndi mkono. Belu linalira.

Atavula chisoti ndinamufunsa, "Sunandimve ine?"

"Aa, amalume, kodi munabwera?"

Munthu wodziwika ngati ine! Koma sindinasangalalepo chotero ndi kunyozedwa. Mwezi wotsatira ndinawanyamula ndekha pa vani, iye ndi a Mwamba, mpaka ku Belgium.

Inu amene mwagwa lero, mwina mphamvu muli nazo, chakugwetsani n'chizolowezi chakale. Chivuleni. Lekani kucheukira okuomberani m'manja, maso akhale pa chimene chikubwera. Dzukani, yambiraninso kuwerenga. Osataya mtima!